Feteleza mwathira koma chimanga sichikudzuka: yambani mwakumba

Chaka chilichonse dandaulo limakhala lomwelo. Limamveka mu Januwale chimanga cha kumphala, minda yodalira mvula ija, chikafika m'mawondo, limabweranso mu Julayi ndi Ogasiti anthu akakhala kalikiliki kudimba. "Feteleza ndinathira, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, koma chimanga changokhala chachikasu, sichikudzuka." Ndalimva pamsika wa ng'ombe pa Ngabu, ndalimva m'minibasi yochokera ku Bangula, ndalimvanso kumaliro amuna akucheza pansi pa mtengo podikira mwambo. Mlandu kawirikawiri umagwera wogulitsa, eti anasakaniza ndi mchenga. Zotere zimachitika, sindikana. Koma m'minda yambiri yomwe ndaiona kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje feteleza amakhala alibe mlandu. Chakudya m'nthakamo chilimo, koma muzu ndi womwe ukulephera kudya.

Ine zinandionekera. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ataphwa ndinabzala chimanga kudimba kwathu. Chinamera bwino, koma patangotha masabata atatu chikasu chinayamba. Ndinathira Urea. Sabata inatha osasintha. Ndinagulitsa mbuzi, n'kukagula wina, n'kuthiranso. Amalume atabwera kudzaona, masamba sanawayang'ane n'komwe. "Mphwanga, tabwera nalo khasulo." Anakumba pambali pa phando limodzi n'kuzula chimangacho ndi dothi lake lomwe. Mizu inali yaifupi, yakuda, yonyenyeka ukaigwira. Dothi la pansi linali lotuwa, likununkha ngati dzira lowola, ndipo tisanachoke pamalopo m'dzenjemo munayamba kutuluka madzi. "Munthu womira sumam'patsa nsima," anatero. "Umayamba wam'vuula." Mbuzi ija inapita choncho.

Mmene mbewu imadyera

Tengani phesi louma la chimanga, mulitenthe. Phulusa lotsala silingadzaze n'chikhatho chomwe. Kaphulusako ndiye zambiri mwa zomwe mbewuyo inatola m'nthaka. Zomwe zapita ndi utsi zinachokera mumpweya ndi m'madzi, kupatula nayitirojeni ndi salufa zomwe zimachokera m'nthaka koma nazonso zimathawa ndi moto. Tsamba lobiriwira limakoka mpweya, muzu umakweza madzi, dzuwa limapereka mphamvu, mbewu n'kudzipangira shuga womangira thupi lake. Za dzuwa kuno sitidandaula.

Zinthu zomwe mbewu singakule popanda izo zilipo 17. Zitatu zimachokera mumpweya ndi m'madzi, zotsala 14 zimadzera kumizu. Zimenezi ndi zomwe alangizi amati michere ya m'nthaka: nayitirojeni wobiriwitsa ndi kukulitsa, fosifolasi wa mizu ndi njere, potaziyamu wolimbitsa phesi ndi kuthandiza mbewu kupirira ludzu, kenako salufa, kasiyamu, magineziyamu, ndi tina tofunika pang'ono chabe monga zinki ndi ayironi. Tochepato musatipeputse. Kamodzi kakasowa, matumba a zinazo sagwira ntchito, monga ndiwo zopanda mchere zimakanika kudyeka ngakhale mafuta achuluke.

Tsono muzu ulibe mano. Umangomwa. Chilichonse chiyenera kusungunuka kaye m'kachinyezi kokuta timibulu ta dothi, kenako n'kulowa kudzera m'timizu tonga ubweya tomwe timakhala chakunsonga. Kumwako si kongoyamwa chabe ayi, ndi ntchito yofuna mphamvu, choncho muzu umapuma mpweya ngati ine ndi inu. Umafunanso anzake. M'dothi lamoyo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timawoletsa mapesi ndi ndowe n'kumasula chakudya. Mulinso mtundu wa bowa wa tiulusi toyera tomwe timalowa m'mizu n'kumakatola fosifolasi kutali komwe muzu sukanafika, malipiro ake n'kukhala shuga. Ndiye mukaona chimanga chikuvutika, mafunso ndi awa: chinyezi chilipo? Mpweya ukufika kumizu? Madziwo ngomweka? Chakudya chikusungunuka kapena chamangika? Funso loti chakudyacho chilipo kapena ayi limabwera kumapeto, koma ife timayambira komweko chifukwa ndi lomwe lili ndi sitolo.

Tsamba limanena, koma silinena zonse

Choyamba onani ngati chikasu chayambira masamba a pansi kapena a kunsonga. Nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu mbewu imatha kuzisamutsa, kulanda masamba akale n'kupatsa ang'ono, choncho zikasowa amayamba kudwala ndi a pansi. Chikasu choyambira kunsonga ya tsamba lapansi n'kumatsata mtsempha wapakati, m'mbali mukadali mobiriwira, ndi njala ya nayitirojeni. M'mbali mwa tsamba mukamauma ngati mwawauka ndi moto pakati pali pobiriwira, ganizirani potaziyamu, ngakhale kuti pa makande njala imeneyi siioneka kawirikawiri, imakonda kumchenga. Chimanga chaching'ono chopinimbira, chofiirira m'mbali mwa masamba ngati chapakidwa utoto, chikusowa fosifolasi.

Salufa, zinki ndi ayironi siziyenda mophweka m'thupi la mbewu, ndiye njala yake imaonekera kunsonga. Masamba atsopano akamatuluka otumbuluka thupi lonse, ndi salufa. Mizere yotakata yoyera mbali zonse ziwiri za mtsempha wapakati, chakutsinde la tsamba, mfundo za phesi zili pafupipafupi, ndi zinki. Timizere tachikasu toongoka pakati pa mitsempha yobiriwira, kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, ndi ayironi, ndipo mapira ndi mtedza ndi zomwe zimafulumira kuonetsa.

Chenjezo lilipo. Kudimba kumakonda matenda aja a timizere toyera todukaduka, omwe amafalitsidwa ndi tizilombo touluka toyamwa masamba. Amagwira chimanga chimodzi apa, china apo, chapambali chili bwinobwino. Njala ya m'nthaka imagwira chigawo chonse pamodzi. Matendawo feteleza sachiza, zulani zodwalazo zikadali zazing'ono. Ndipo tsamba limangokuuzani chomwe sichikufika, silikuuzani chifukwa chake. Chimanga changa chija chinkaonetsa njala ya nayitirojeni yeniyeni, Urea ali phee pansi pake.

Mizu ikamira

Amene amalima cha ku Ngabu makande amawadziwa. Mu Okutobala amang'aluka ming'alu yoti mwendo wa mbuzi umalowa, mvula ikagwa amafufuma n'kutsekeka, n'kumamata kukhasu ndi kumapazi mpaka munthu kumayenda ngati wavala nsapato za njerwa. Dothi limeneli ndi lachonde, n'chifukwa chake thonje ndi mapira zakhala zikuchita bwino pamenepo kuyambira kale. Vuto lake ndi mpweya. Likakhuta madzi timipata tonse timatsekeka, ndipo kotentha ngati kuno masiku awiri kapena atatu madzi ali chiimire ndi okwanira kuti timizu ta chimanga chaching'ono tiyambe kufa. Pamwamba pa apo, tizilombo ta m'dothi tikasowa mpweya timasandutsa nayitirojeni wanu kukhala mpweya wouluka. Mwataya kawiri.

Kumbani dzenje lofika m'chigongono pakati pa mizere. Dothi likakhala lotuwa kapena la mawanga ngati dzimbiri, likununkha, madzi akulowa m'dzenjemo, sungani feteleza wanu. Tsegulani ngalande madzi apeze kolowera. Mizere yotseka ija, yomwe imatipulumutsa kumchenga nthawi ya ng'amba, pa makande muziitsegula mvula ikalimbikira. Dikirani mpaka mutazula chimodzi n'kuona timizu tatsopano toyera, ndiye muthire wobereketsa, pang'ono. Chaka chotsatira kwezani mizere kapena pangani mabedi otakata okhala ndi ngalande m'mbali. Ndipo musalowetse ng'ombe kapena pulawo pa makande onyowa. Zomwe zapondedwa tsiku limodzi zimatenga zaka kuti zimasuke.

Dzenje lomwelo likuonetsaninso china. Mizu ikafika penapake n'kupindika chammbali ngati yakumana ndi simenti, ndiye kuti pansi pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka paumbika dothi lolimba. Mbewu yotere imadya m'kadothi kapamwamba kokha, ndipo dzuwa likawala masiku anayi yafota kale. Pamafunika kuswa ndi khasu lalitali kapena piki dothi likadali louma, kapena kubzala nandolo, yemwe muzu wake umaboola yekha.

Michere ndi mchere

Apa ndichedwapo, chifukwa vuto ili ndi lathulathu, anzathu a kumtunda salidziwa kwenikweni. Mlangizi akamati nthaka ikufuna michere, ena timaseka chamumtima, poti mchere ndiye tili nawo wochuluka. Mijigo ingapo kuno madzi ake ngowawa, sopo sachita thovu, tiyi sakoma. Mvula imagwa yochepa, kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, choncho madzi amakwera kuchokera pansi, n'kuuluka, mchere n'kutsala pamwamba. Kumtunda mvula yambiri imautsuka. Kuno umaunjikana.

Zizindikiro zake sizivuta. Pamwamba pa mizere pamayera ngati pawazidwa ufa, makamaka chilimwe chikafika pakati. Mbewu zimamera mwa apo ndi apo, munda n'kukhala wa zigamba. Nsonga za masamba zimapsa. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti chimanga chimafota masana dothi lili lonyowa. Chifukwa chake n'chomwe chimachitika mukawaza mchere pa nsomba yaiwisi: madzi amatuluka kutsata mchere. Madzi a m'dothi akawawa, muzu umavutika kuwakoka, ndipo zikanyanya ndi dothi lomwe limayamwa muzu. Tsono feteleza naye ndi mchere. Kuthira wina pamunda wotere kuli ngati kupatsa munthu waludzu madzi a m'nyanja yamchere.

Kuti mutsimikize, lawani madzi omwe mumathirira. Thirani pang'ono m'mbale yakuda muike padzuwa. Akauma muona chotsalira. Kenako tengani zitini ziwiri zoboola pansi, china mudzaze dothi la pachigamba, china la pomwe mbewu zili bwino, mubzale nyemba zisanu m'chilichonse n'kumathirira madzi a mvula kapena a mu Shire. Nyemba sizipirira mchere ngakhale pang'ono, pakutha masiku khumi zikhala zakuuzani.

Mchere suwola, sutenthedwa, ndipo palibe mankhwala oupha. Njira ndi imodzi: kuutsuka ndi madzi abwino kuti utsike pansi pa mizu, ndipo madzi otsukawo akhale ndi kopita. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Kuthirira kakeni kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, tsiku ndi tsiku, kumangonyowetsa pamwamba. Madzi amauluka, mchere wa tsikulo n'kuonjezera pa wa dzulo. Kuli bwino kuthirira kwambiri mwa apo ndi apo, ndipo musanabzale muthire madzi ochuluka kamodzi kapena kawiri. Ngati pansi pali madzi osayenda, yambani ndi ngalande yakuya, apo ayi mchere womwe mwatsitsa ubwereranso mwezi womwewo. Amene mwagula mapampu a sola, ndikupemphani, dzuwa n'laulere koma si chifukwa chosiyira pampu ikuthira tsiku lonse. Madzi a pansi akakwera amabwera ndi mchere wake. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikubwera ndi madzi abwino, koma nayo idzafuna ngalande zotulutsira, chifukwa ulimi wothirira kumalo otentha kulikonse umagwa ndi mchere ngati zotulutsira zanyalanyazidwa.

Zina zothandiza n'zazing'ono. Phimbirani dothi ndi mapesi kapena udzu kuti madzi asauluke msanga. Ufa woyera uja muupale n'kukautaya kunja kwa munda, musaugalauzire pansi. Ngati mumathirira m'ngalande za pakati pa mizere, musabzale pamsana pa mzere, poti ndi pomwe mchere umathera. Bzalani m'nthiti mwake, pamwamba pang'ono pa pomwe madzi amalekezera. Ndipo sankhani mbewu mwanzeru. Thonje limapirira kwambiri, mapira ndi khobwe amayesetsa, chimanga ndi tomato zimavutika, nyemba ndi anyezi ndiye zimagonja msanga. Makolo athu sankadya nsima ya mapira ndi mchewere chifukwa chosadziwa chimanga ayi.

Pali mtundu wina wa vutoli woipa kuposa. Dothi limakhala loterera ngati sopo likanyowa, madzi amaima masiku ambiri osalowa, likauma limalimba ngati njerwa, nthawi zina pamwamba pamada. Tengani kachibuma kouma kangati nyemba, mukaike pang'onopang'ono m'tambula ya madzi a mvula, musagwedeze. Kakangogumuka madzi n'kukhala oyera, palibe vuto. Kakatulutsa mtambo wa matope ozungulira, ndiye kuti sodiyamu wa mumcherewo wamwaza timibulu ta dothi. Pamenepo madzi okha sathandiza chifukwa salowa. Pamafunika jipisamu, ufa woyera wokhala ndi kasiyamu, pamodzi ndi manyowa ambiri, ndipo mlingo wake ungadziwike pokhapokha dothi litayezedwa.

Laimu si wathu, phulusa nalo musamale

Mwina munamva pa wailesi kuti nthaka ya m'Malawi yachita asidi, ikufunika laimu. N'zoona kumadera ambiri a kumtunda komwe dothi ndi lofiira ndipo mvula ndi yambiri. Kuno kuchigwa malo ambiri ndi osiyana. Muyeso wake umatchedwa pH: 7 ndi pakatikati, kutsika ndi asidi, kukwera ndi mbali ya laimu. Mbewu zambiri zimakonda pakati pa 6 ndi 7. Ukakwera kufika cha ku 8, zinki, ayironi ndi fosifolasi zimamangika, zilimo koma sizisungunuka. Mukathira laimu pamenepo mwamangitsa mfundo.

Kuyesa kwake: donthezani viniga pa dothi louma. Likachita thovu ndi kaphokoso, laimu alimo kale wokwanira ndi kutsala. Phulusa limagwira ntchito ngati laimu, choncho pa dothi lotere lichepetseni. Manyowa a Mbeya, aja osakaniza madeya, ndowe, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kusunga m'thumba masiku 21, athandiza anthu ambiri ndipo sindikuwanyoza, koma ine pamunda wochita thovu phulusalo ndimalichepetsa kwambiri. Mukamasula thumba n'kumva fungo lolasa m'mphuno, ameneyo ndi nayitirojeni akutsanzika.

Njala ya zinki imakonda pomwe dothi lapamwamba linakokoloka kapena linapalidwa posalaza munda. Feteleza wakale uja wa Chitowe, 23:21:0+4S, analibe zinki ngakhale potaziyamu. Wa 23:10:5+6S+1.0Zn ali nazo zonse ziwiri, ndiye werengani pathumba musanalipire. Alimi a mpunga, kaya ku Nkhate kaya ku Muona, mukaona mpunga wopinimbira wa timadontho tadzimbiri masabata awiri kapena anayi mutawokera, ganizirani zinki musanathamangire Urea. Kuphwetsa madzi m'munda masiku ochepa kumathandizako.

Urea wothawa

Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23. Funso n'lakuti wangati afika kumuzu. Urea akakhala pamtunda, pa dothi lonyowa pang'ono, lotentha, la mbali ya laimu, amasanduka mpweya wonunkha ngati m'khola la mbuzi n'kuuluka. Zinthu zitatu zonsezi kuno ndi kwawo. Komabe mumaona munthu akuyenda mumzere dzuwa lili paliwombo, akungoponya patsinde osakwirira, kuti amalize msanga akapume. Boolani ndi kamtengo, kuya kwa chala, kutalikirana ndi tsinde ngati chala chomwecho, thirani, kwirirani ndi chidendene. Dothi likhale lachinyezi koma osati lamatope. Pa chimanga nthawi yake ndi masabata atatu kapena anayi chitamera. Ngayaye zikatuluka mwachedwa. Kumchenga mlingo womwewo muugawe pawiri, chifukwa mvula imodzi yamphamvu imatsitsa zonse kupitirira mizu. Pa ng'amba musathire konse. Feteleza pa dothi louma sasungunuka, ndipo akayandikira mbewu amaiwotcha.

Ngati mukukayikira wogulitsa, supuni ya Urea muisungunule m'kapu ya madzi. Weniweni amasungunuka yense ndipo kapuyo imazizira m'manja. Mchenga umatsalira pansi. Yesero limeneli ndi la Urea yekha. Wokulitsa amasiya zotsalira ngakhale ali wabwino.

Zomwe madzi osefukira amasiya

Madzi saiwala khwawa. Tinawaona mu 2015, anabweranso ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023. Pomwe anayenda pang'onopang'ono anasiya matope osalala, chonde chochokera kumapiri, ndipo ndi chomwe chapangitsa madimba a m'mbali mwa Shire ndi dambo la Ndinde kudyetsa anthu mibadwo yonseyi popanda thumba la feteleza. Pomwe Mwanza, Ruo kapena Lalanje anathamanga anasiya mchenga, ndipo mchenga susunga madzi kapena chakudya. Kumbani muone kuya kwake. Ukakhala wosapitirira chikhatho, galauzani mozama usakanikirane ndi dothi lakale. Pa makande zimakhala ngati mwapatsidwa mphatso. Ukafika m'mawondo, kumbani maenje ofika pa dothi lakale, muthiremo manyowa, mubzale m'menemo, ndipo chaka choyamba muyambe ndi mbatata, khobwe kapena mavwende.

Munda womwe unakhala pansi pa madzi masabata ambiri umatha kubereka chimanga chofiirira ngakhale fosifolasi alimo. Bowa wothandiza uja amakhala wachepa, poti sakhala popanda mizu yamoyo. Wokulitsa muike pafupi ndi phando pobzala, ndipo munda musausiye wopanda chomera.

Kaufiti sindichedwapo. Mukaona timaluwa take m'mapira kapena m'chimanga, dziwani kuti wayamwa kale kumizu milungu ingapo asanatuluke. Amakonda nthaka yoguga. Muzuleni asanachite njere, sinthani mbewu, thirani manyowa.

Kudyetsa nthaka yeniyeniyo

Chinthu chimodzi chimathandiza pa mavuto onsewa, ndipo kuno tili nacho chambiri kuposa maboma ena: ndowe. Makola a ng'ombe ena ndowe zafika m'mawondo, mwini wake akudandaula mtengo wa feteleza. Manyowa amamasula makande kuti mpweya ulowe, amagwirizanitsa mchenga kuti usunge madzi, amadyetsa tizilombo tija, amabweretsa zinki ndi tina tomwe m'thumba mulibe. Sachita changu ngati Urea, chaka choyamba mwina simudabwa, koma chachitatu khasu lenilenilo limakuuzani. Zaziwisi musathire, zimawotcha ndipo zimadza ndi njere za udzu. Unjikani pamthunzi, musakanize ndi mapesi odula, munyowetse, muphimbe, mutembenuze kangapo mpaka fungo likhale la dothi. Mulu wosiyidwa padzuwa la kuno miyezi itatu umatsala mphamvu yochepa. Ngolo zikachepa musamwaze munda wonse, ikani manja awiri pa phando. Kuphatikiza manyowa ndi feteleza wochepa kumaposa chilichonse mwa ziwirizi pachokha.

Mapesi ndiye nkhondo. Ukawasiya m'munda ng'ombe za eni zimadya, osaka mbewa amatentha, otsala chiswe chimamaliza. Za chiswe ine ndinasiya kudandaula: chikapeza zouma pansi chimatanganidwa nazo, ndipo timauna take timalowetsa madzi. Moto ndiye mdani, chifukwa cha nayitirojeni ndi salufa zopita ndi utsi zija. Ngati ng'ombe simungaziletse, tutani mapesi mukawaponye m'khola, adzabwerere ngati manyowa. Mitengo ya thonje yokha ndiyo izulidwe ndi kutenthedwa monga mwa lamulo, kuti mbozi zisagonere.

Mpweya womwe tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma chimanga sichingautenge. Khobwe, nandolo, mtedza ndi soya zimatha, kudzera mwa tizilombo tokhala m'timatuza ta kumizu. Zulani khobwe wamaluwa, mudule katuza kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiira ngati nyama, ntchito ikugwirika. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chikuchitika. Pokolola mizu ndi masangwi zitsale m'munda, apo ayi phindu lonse mwatuta. Ndipo msangu uli m'munda mwanu musaupereke kwa owotcha makala. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pomwe mitengo ina ikuphuka, choncho suphimba mbewu, ndipo masambawo ndi chakudya. Yang'anani mapira a pansi pake muyerekeze ndi a patali mamita makumi awiri.

Zonsezi mukayesa koma osaona mutu wake, safunsa anadya phula. Tengani dothi malo khumi kapena kuposa, moyenda mokhotakhota, kuya kwa masentimita 20, musakanize m'ndowa yoyera, mupatule lokwana theka la kilogalamu, muumitse pamthunzi. La pachigamba likhale palokha, la pabwino palokha, ndipo musaike m'thumba lomwe munali feteleza. Alangizi a kudera lanu akuuzani katumizidwe kake ku malo a kafukufuku monga Bvumbwe kapena Chitedze. Nenani mwachindunji kuti mukufuna ayeze pH ndi mchere, ndipo mutengenso botolo la madzi omwe mumathirira.

Dimba lija ndikulimabe. Chakumtunda kwake ndinakumba ngalande n'kukweza mabedi, chimanga chimachita bwino ndi manyowa ndi theka la feteleza yemwe ndinkathira kale. Chakumunsi, pomwe amalume anakumba, madzi anakana kuchoka zaka ziwiri zotsatizana. Pamenepo ndimawokerapo mpunga, womwe uli ndi timipata m'phesi totsitsira mpweya kumizu, ndipo m'mbali mouma msanga mayi a kunyumba amabzalamo mbatata mu Meyi.